Amalume Gervazio ndi mapazi a Rozina

Lamulungu lapitali tinali ndi misa yokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni amalume athu, a Gervazio Mbewe. Kunazizira monga kumachitira kwathu kuno mwezi wa Julaye, nkhungu itakuta phiri la Chongoni mpaka m'munsi, ndipo m'tchalitchi aliyense anali atadzifunditsa. Za ulaliki musandifunse, sindinamvepo kanthu. Maso anga anali pa mapazi a mng'ono wanga Rozina, amene anakhala pamkeka patsogolo panga atatambalala. Rozina ndi woyembekezera, ndipo mwezi wake suli patali. Atavula patapata, zingwe zake zinasiya mizere yakuya pamapazi, ndipo mizereyo inalipobe pamene misa inkatha.

Mapazi otupa chotere ndinawaonapo kale pa Rozina yemweyu. Ulendo umenewo mwana tinataya, ndipo mwini wake anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Amene anamutulutsa m'mudzi tsiku limenelo anali amalume. Tsopano kulibe, ndipo mtima wanga uli m'mwamba, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndiwakumbukire bwinobwino.

Amalume Gervazio anali mlongo wa amayi, woyamba kubadwa m'mimba mwawo, choncho ndiwo anali mwinimbumba wathu. Kwathu kuno ife ana a mlongo wawo tinali m'manja mwawo: nkhani ya ukwati, ya munda, ya matenda aakulu, sinkayenda iwo asanalankhule. Akazi awo atamwalira anabwerera kumudzi kwathu n'kumanga kanyumba chakumtunda, pafupi ndi malire a nkhalango. Anali afupi, a mapewa otambalala, ndipo chipewa chaubweya sichinkachoka kumutu kwawo ngakhale mu Okutobala. Poyenda ankathamanga ngati asiya mkaka pamoto. Ukamatsagana nawo umangomva theka la nkhani, theka lina likupita ndi mphepo.

Ntchito yawo inali ya mankhwala azitsamba, koma ukawatchula kuti asing'anga nkhope inkasintha. Ankati iwo saombeza, alibe nsupa, ndipo sanalotepo mankhwala. Mitengo anaiphunzira kwa agogo awo aamuna. Zina anazitola ali mnyamata, pamene ankalima dimba la asisitere kumishoni. Atakula kale anakachita nawo maphunziro a mankhwala achilengedwe amene mpingo unakonza, ndipo anabwerako akumwetulira. Anati kumeneko anamva kuti ngakhale kutsidya kwa nyanja kuli anthu oganiza ngati iwo, oti thupi la munthu lili ndi nzeru zodzikonza lokha. Anayenda monyada mwezi wonse, ife n'kumawaseka kuti apeza abale awo achizungu.

Chimene chinkatopetsa anthu kwa iwo chinali chakuti tsiku loyamba sankapereka mankhwala. Munthu wayenda kuchokera kutali, wafika ndi botolo lake lotsukatsuka, iwo n'kumukhazika pakhonde n'kuyamba mafunso ngati apolisi. Mwadya chiyani dzulo? Nanga dzana? Madzi mumatunga pati? Mumagona mbali iti ya nyumba, ndipo tulo timabwera? Kunyumba mukuyankhulana? Funso lomalizali ankalifunsa akuyang'ana kumbali, ngati lopanda ntchito, koma ndi pamene ankatchera khutu kwambiri. Ankati mutu wa munthu amene sakuyankhulana ndi mkazi wake sumva muzu uliwonse. Akatha mafunso ankanena kuti abwera kudzaona kunyumba, ndipo ankapitadi, kaya ndi kuseri kwa phiri, kaya ndi kutsidya kwa malire ku Mozambiki.

Mayi wina wa ku Mphunzi anavutika ndi chifuwa nyengo yozizira yonse. Kuchipatala anamuyeza n'kupeza kuti si chifuwa chachikulu, koma kutsokomola osasiya. Amalume atafika kwawo sanafunse n'komwe za chifuwacho. Analowa m'khitchini, anakhalamo pang'ono, n'kutuluka misozi ili chuchuchu ndi utsi. Anabwereka khasu n'kuboola khoma la khitchiniyo, mwamuna wa mayiyo ali pakamwa yasa.

"Abambo, ife tinakuitanirani mankhwala, inu mukugumula nyumba?"

"Mankhwala ake ndi amenewa," anatero amalume akuloza bowolo. "Musatsekepo ndi chiguduli, ndidzabweranso."

Anamusiyiranso mayiyo masamba a bulugamu oti azifukiza, koma ankati masambawo anali ongomutonthoza mtima. Mwamuna uja anakwiya mpaka kukadandaula kwa akuluakulu a mpingo. Chifuwa chinatha, koma iye sanawathokoze amalume mpaka lero, amati chinatha chifukwa kunayamba kutentha. Amalume akamva zimenezo ankangoseka, n'kunena kuti bola bowo lilipobe.

Maganizo awo sanali ovuta kumva. Ankati bala likatsukidwa n'kutetezedwa ku ntchentche limatseka lokha, palibe munthu amene anasokapo mnofu ndi muzu. Ntchito ya wamankhwala ndi kufufuza chimene chikutchinga thupi n'kuchichotsa, kenako n'kupatuka. Ankayamba ndi zofatsa: kupuma, madzi owiritsa, bonongwe ndi chisoso, masamba a gwafa kwa wotsegula m'mimba, chanzi kwa wachimfine. Zowawa ngati muwawani ankazisunga kumapeto, ndipo ankapereka pang'ono, dzanja likuchita ngati likukana. Ankati wamankhwala asanaganize zochiritsa ayambe walumbira kuti savulaza. Ngakhale mtengo sankauvulaza. Khungwa ankasenda mbali imodzi yokha n'kumatapo dothi, ndipo akakumba muzu ankakwiriranso dzenje n'kupondaponda.

Choncho mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kawirikawiri anali akuti tione kaye. Ana a m'mudzi ankawayeserera, akukoka chipewa chongoyerekeza mpaka m'makutu. Amayi, mlongo wawo, ankawakonda mawu amenewa kuposa wina aliyense, chifukwa iwo chipatala amachiopa kuyambira kale.

Mikangano sinkawasowa. Ku Dedza Boma, kumsika kumene ine ndimagulitsa mbatatesi, kunkabwera mkulu wina ndi chimkuzamawu ndi mabotolo a madzi akuda, akulengeza kuti botolo limodzi limachiza shuga, mutu, nsana, kusabereka ndi tsoka lomwe. Amalume akabwera kudzandiona ankakaima patsogolo pake manja ali kumbuyo, n'kumafunsa mokweza kuti kodi munthu amene akugulayu mwamufunsa dzina lake? Mwamufunsa chimene wadya? Tsiku lina mkuluyo anawatukwana kuti ndi nkhalamba yansanje, iwo n'kuyankha kuti nsanje ali nayodi, chifukwa botolo lodziwa matenda onse iwo sanalipezepo m'nkhalango monse. Ine ndinkachita manyazi, ndinkabisala kuseri kwa matumba.

Kumudzi ankakangana ndi mbali zonse ziwiri. Akatekisiti ena ankawakayikira kuti munthu wokumba mizu sangalephere kukhala ndi zobisa, ngakhale amalume sankajomba kutchalitchi. Anthu ena ankabwera kufuna kuti awauze amene wawalodza, ndipo ankabwerera okhumudwa. Amalume sankatsutsa kuti ufiti ulipo, ankangoti iwo si dera lawo, ndipo chitsime chimene chili kumunsi kwa chimbudzi sichifuna mfiti kuti chidwalitse mudzi. Amene ankamvana nawo bwino anali mlangizi wazaumoyo wa dera lathu. Awiriwo ankakhala pakhonde kumwa thobwa n'kumatsutsana mwaulemu, ndipo odwala malungo amalume ankawatumiza kwa iye mosanyinyirika.

Imfa yawo inadabwitsa ambiri. Chaka chatha, kuzizira kutafika pachimake, anayamba kumva kubaya m'nthiti. Sanadikire kuti wina awakakamize. Anatseka chitseko, anatsika okha mpaka kumsewu, n'kukwera minibasi. Ndinawapeza ali pabedi kuchipatala, chipewa chili kumutu, akufunsa wodwala mnzawo wa bedi loyandikana kuti kwawo madzi amatunga pati. Chinali chibayo, ndipo thupi linali litakalamba. Madokotala anayesetsa, koma patapita masiku ochepa anatisiya. Amayi mpaka lero amati achimwene anapita ndi miyendo yawo n'kubwerera m'bokosi.

Koma kuti mumvetse chifukwa chimene munthu wa tione kaye anathamangira kuchipatala chotero, ndiyenera kubwerera ku mimba yoyamba ya Rozina, zaka zingapo zapitazo.

Inali nyengo ya mvula. Amalume anali atapita kutsidya kwa malire kukaona kwawo kwa wodwala wina, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo nthawi imeneyo analibe foni. Rozina anayamba kutupa mapazi, kenako manja, kenako nkhope, mutu ukumuwawa osaleka. Mwamuna wake, alamu anga a Fabiano, ndi mkamwini, anachita kudzakwatira kwathu, ndipo mkamwini pa nkhani yotere amangopempha, salamula. Anapempha amayi kuti apite naye kuchipatala. Amayi anati kutupa ndi kwa mimba iliyonse, ndiponso munthu wapakati sangatuluke m'mudzi mwinimbumba asakudziwa. Akakamung'amba kumeneko, adzayankha ndani? A Fabiano atasowa pogwira anandiimbira foni ndili kumsika. Ndinasiya mbatatesi kwa mnzanga n'kukwera minibasi.

Ndinafika masana. Rozina anali atagona pamphasa, miyendo atayisanjika pa thumba la chimanga, nkhope ngati si yake. Pambali panali kapu ya madzi a chanzi. Amayi anali atachita zonse zimene anaonapo mlongo wawo akuchita: anamuletsa mchere, anamuletsa ntchito, anamuphikira masamba. Ndinalankhula mpaka mawu kusasa, amayi akungobwereza kuti achimwene akanakhalapo akanati tione kaye. Ndinathamangira kwa bambo wina wa ngolo kuti amange ng'ombe. Anandimvetsera bwinobwino, kenako n'kufunsa:

"Amalume anu avomera?"

"Kulibe, ali kutsidya."

"Ndiye pepani, mayi. Akakathera m'ngolo mwanga, mlandu udzakhala wa yani?"

Ndinabwerera kunyumba. Sindinaonepo msampha wotero: aliyense ankamukonda Rozina, aliyense ankaona kuti zinthu zaipa, koma tonse tinali kudikira pakamwa pa munthu amene sankadziwa n'komwe kuti kwawo kuli matenda.

Dzuwa litapendeka tinaona chipewa chija chikutsika m'njira ya kunkhalango. Palibe anawaitana, anangomaliza zawo n'kubwerera. Ataona anthu pakhonde anafulumira, analowa m'nyumba osavula nsapato zamatope, n'kugwada pafupi ndi Rozina. Anadina phazi lake ndi chala, ndipo dzenje linatsala pomwepo.

"Rozina, mwana wanga, ukundiona?"

"Ndikukuonani awiri, amalume. Ndi tinthu tonyezimira."

"Zayamba liti zimenezi, Nambewe?" amalume anawafunsa amayi osatembenuka.

"Papita masiku, achimwene. Timadikira inu."

"Ndani anati mudikire?"

"Si inu nomwe mumati thupi limadzikonza lokha? Tachita zonse monga mumachitira. Tinati tione kaye."

Sindinawamvepo amalume akukalipira mlongo wawo, koma tsiku limenelo mawu awo anamveka mpaka kuchitsime.

"Ine ndikamati tione kaye ndimakhala ndikuona! Ndimabwera m'mawa, ndimabweranso madzulo, ndimadina, ndimayang'ana m'maso, ndipo zikapitirira ndimanyamula munthu. Inu mwaona chiyani? Nkhope yafika apa, inu mukuonabe? Fabiano, thamanga kwa mwini ngolo, ukanene kuti ndanena ine!"

Thumba lawo la mizu analiponya pakona, sanatengemo kanthu. Ng'ombe zinamangidwa mwamsanga, bambo yemwe uja amene anandikaniza akuthamanga ngati wina. Tinamugoneka Rozina pamatiresi, ine ndi amayi tinakwera naye, koma amalume anakana kukwera kuti ng'ombe zingalemedwe. Anathamanga pambali pa ngolo m'matope, dzanja limodzi litagwira thabwa, akumuyankhulitsa Rozina kuti asagone. Tisanafike kumsewu Rozina anayamba kuphupha ngati wakhunyu, maso atatembenuka. Amayi anayamba kulira maliro. Amalume anadumphira m'ngolo, anamugoneka chammbali, n'kuuza amayi kuti asiye kulira munthu ali moyo. Kumsewu amalume anaima pakatikati atakweza manja mpaka galimoto ina inaima.

Kuchipatala anamulandira mothamanga. Anati magazi ake anali kuthamanga kwambiri chifukwa cha mimbayo. Rozina anamupulumutsa, koma mwana anali atapita kale. Namwino wina wachikulire anatuluka n'kufunsa kuti mwini wodwalayu ndani. Amalume anaimirira n'kuvula chipewa, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione dazi lawo. Namwinoyo sanakalipe, anangoti matenda amenewa akawapeza msanga amawagwira, ndipo akanabwera pamene kutupa kunafika kumanja mwina bwenzi tikunena zina.

"Ndamva, amayi," anatero amalume. "Wachedwetsa ndine."

Sanatchule kuti iwo kunalibe. Mwana wotere kwathu amaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, amuna safikako. Tikuchokera kumeneko tinawapeza amalume atakhala pachitsa m'mbali mwa njira, kutali ndithu, pamene mwambo unawalola kufika. Anangotiyang'ana tikudutsa.

Kuyambira pamenepo anasintha, ngakhale maganizo awo pa za thupi sanawataye. Ankanenabe kuti thupi limadzikonza, ankakanabe kupereka mankhwala tsiku loyamba. Koma ankati analakwitsa chinthu chimodzi chachikulu: anaphunzitsa anthu kudikira osawaphunzitsa polekezera. Ankati wamankhwala amene nzeru zake zimachoka naye akapita paulendo sanathandize mudzi. Ndiye anayamba kuyenda khomo ndi khomo, osaitanidwa, kufotokoza zizindikiro zimene sizifuna muzu kapena kufunsa munthu: wapakati wotupa nkhope kapena wotaya magazi, mwana wopuma mobanika, wotentha thupi mpaka kukomoka, chifuwa chotulutsa magazi. Ankawafunsa anthu kuti abwereze ngati ana a katekisimu. Ena ankathawira kudimba akawaona akubwera. Anagulanso kafoni n'kukamangirira pakhosi ndi chingwe, ngakhale kuyankha kwake ankachita kukuwa ngati munthuyo ali kuseri kwa phiri.

Rozina atapeza mphamvu, amalume anaitanitsa mbumba yonse pabwalo pawo, akamwini omwe, ndi bambo wa ngolo uja. Anaimirira n'kunena pang'onopang'ono:

"Mawu anga ndikupereka lero, a masiku onse. Wina mwa ana awa akadwala motere, pitani naye. Ndikhalepo, ndisakhalepo, ndavomera kale. Fabiano, wamva? Ukadzanyamula mkazi wako, wanyamula ndi mawu anga."

Amayi anang'ung'udza kuti mawu a mwinimbumba saperekedwa matenda asanabwere, zimenezo n'kuitana tsoka. Amalume anawayankha kuti tsoka linabwera kale osaitanidwa. Awiriwo anatha nyengo osayenderana bwino, mpaka amayi anayamba kuwatumizira maungu, nkhani n'kuzizira. Koma sindikukhulupirira kuti amayi anagonja mumtima.

Rozina anakhala zaka osaimanso. Amalume sanamupatse muzu uliwonse wa zimenezo, ngakhale anthu ankamunena. Ankangomuuza kuti adye bwino, apume, asamvere za pachitsime, ndipo akadzaima adzapite kusikelo mwezi woyamba womwewo. Anamwalira asanaone mimba iyi. Rozina kusikelo wakhala akupita, ndipo ulendo wapitawo anamuuza kuti akadzangoona kutupa kapena mutu abwere msanga, akakhale pafupi ndi chipatala mpaka atachira.

Ndiye misa itatha Lamulungu lija, tili kunyumba, ndinamugwira Rozina dzanja. Mphete inali itamira m'chala. Ndinafunsa za mutu, iye n'kuyang'ana pansi. Ndinapita kwa amayi, amene anali kusankha nyemba pakhonde, n'kuwauza kuti Rozina anyamuke.

"Tiyambe tamva kwa a Lukasi," anatero amayi.

A Lukasi ndi mlongo wawo wamng'ono, amene tsopano ndiye mwinimbumba. Ali ku Joni, amagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo foni yawo imapezeka mwa apo ndi apo.

"Amayi, amalume Gervazio anapereka kale mawu. Munalipo."

"Mawu a munthu amapita ndi mwini wake. Lero mbumba ili ndi mwini wina. Ukufuna a Lukasi adzati tinawadumpha?"

"Nanga akapanda kuyankha?"

"Ayankha. Tione kaye."

Atanena mawu amenewo anasiya kusankha nyemba, ndipo sanandiyang'ane. Amayi si munthu wouma mtima, ndimawadziwa. Chipatala chimenecho anatulukamo opanda mdzukulu, anatulukamonso opanda mlongo wawo, ndipo safuna kulowetsamonso Rozina. Ine ndinali ndi mantha anga, iwo ndi awo, ndipo pakati pathu panalibe wina woti akalipe mpaka kumveka kuchitsime. A Fabiano anayesa foni ya a Lukasi madzulo onse, akukwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Sinalowe.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi maganizo oti ndikangana ndi amayi mpaka pomwe zithere. Koma nditatuluka ndinapeza Rozina atasamba kale, atavala juzi la mwamuna wake, zikope zili zolemera. A Fabiano anali ataitana mnyamata wa njinga yamoto, ndipo inali itaima panjira. Rozina sanapite kunjingako. Anayamba kukwera chakumtunda, pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, ife tikumutsatira osadziwa chimene akufuna. Anakaima pabwalo la amalume, kutsogolo kwa chitseko chotseka.

"Amalume," anatero ndi mawu wamba, ngati akulankhula ndi munthu amene ali m'nyumba, "ndine Rozina. Zija zayambanso. Munati mwavomera kale, ndiye ine ndikupita."

Anatembenuka n'kuyang'ana amayi, amene anali ataima chapatali atagwira pakamwa.

"Amayi, a Lukasi akaimba muwauze kuti ndatsanzika kwa akulu awo."

Amayi sanamutchinge njira. A Fabiano anamukweza panjinga n'kukhala kumbuyo kwake atamugwira, ndipo anatsika pang'onopang'ono mpaka kulowa m'nkhungu. Ine ndinatsala kuti nditenge ndowa, mbaula ndi ufa, ndiwatsatire pa minibasi.

Pamene ndikulemba izi Rozina ali kuchipatala. Akuti magazi akuthamangadi, amupatsa mankhwala, ndipo mtima wa mwana akuumva. Sanachire, ndipo anamwino sakulonjeza kanthu. Foni ikalira ndimayamba ndapuma kaye ndisanayankhe. A Lukasi mpaka pano sanapezeke.

Koma m'mawa uja, njinga itapita, sindinatsike msanga. Chimwalirireni amalume ndinali ndisanaime pabwalopo nthawi yaitali. Chitseko n'chomanga ndi waya, ndipo udzu wa denga watsetsereka mbali ya kumphepo, mitengo yake ikuonekera. Pakhonde pamene pankakhala odwala pali zitosi za nkhuku za eni ake. Mtondo wawo wosinjira uli chafufumimba pakona, chiswe chayamba kuukwera. Kuseri, kadimba kawo kasanduka tchire, mpungabwi wakula mpaka m'chiuno ndipo wayamba kulowa m'njira. Njirayo, imene kale inali yotakata ngati ya kuchigayo, yatsala kamzere kokwana phazi limodzi.

Ndili chiimire ndinamva mapazi kumbuyo. Anali amayi, atasenza mtolo wa zitenje ndi beseni latsopano limene sindinkadziwa kuti anagula. Anatula mtolowo, anafika pafupi ndi khonde, n'kugwada monga ankachitira akabwera ndi nkhani kwa mlongo wawo. Anakhala choncho mutu uli pansi, ngati akupereka mpata woti wina ayankhe. Panali zii, kupatula waya wa pachitseko amene ankagunda thabwa ndi mphepo.

Kenako anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kusenzanso mtolo.

"Tiye," anatero, "minibasi ingatisiye."

Tinatsika motsogozana m'kanjira kaja, mame akutinyowetsa zitenje, ndipo pabwalopo sipanatsale munthu woti timuuze kuti tapita.